Tambala, Dona ndi Sipanala ya Nambala Teni

Lamulungu, pa 10 Ogasiti

Ndakhala pa chigubu kuseri kwa nyumba ya makolo a alamu anga, kuno ku mgodi wa malasha. Siketi yanga ya ku tchalitchi ndaichapa kawiri koma madzi akutulukabe akuda. Anthu onse apita kokapemphera, ine ndanama kuti mutu. Mutu sukupweteka ayi. Chikundisautsa ndi kachitsulo kali m'thumba la juzi yangayi. Ndilembe zonse, mwina mtima ukhala pansi.

Ndiyambe ndi Dona. Dona si munthu, ngakhale achimwene anga a Limbani angakwiye atandimva ndikutero. Ndi galimoto ya buluu, ya zitseko ziwiri, imene anaitanitsa ku Japan. Achimwene amagwira ntchito pa mgodi uno, kumapiri a kumpoto kupitirira Phwezi. Iwo ndi anzawo anayi akudwala matenda amodzi: magalimoto a ku Japan othamanga, otsika ngati akukwawa ndi mimba. Choseketsa n'chakuti kuno kulibe tala ngakhale wokwana mphasa imodzi. Ndiye Lamulungu lililonse amamasula chipulasitiki cha kutsogolo kwa galimoto, chija chimatsala pang'ono kunyambita dothi, chimene amachitcha mlomo. Amachikulunga m'bulangete, n'kutsika nacho pang'onopang'ono mpaka pa msewu wa tala. Akafika amachimanganso, kupukuta magalimoto, kuwaliza, kujambulitsa, kenako kumasulanso n'kubwerera kuphiri. Masewera awo ndi amenewo.

Chinkhoswe cha achimwene ndi a Tiyamike chinayenera kuchitika mu Meyi. Chinalephereka chifukwa sabata yomweyo Dona anafika pa chipata cha Songwe, achimwene n'kuthamangira kukamuchingamira. A Mbewe, amalume awo a Tiyamike, anatumiza uthenga wa mawu umene amayi anaumvera katatu pa foni: "Loweruka lachiwiri la Ogasiti, teni koloko, tambala akhale ali pabwalo pamodzi ndi mwini wake. Zikakanikanso, mnyamatayo akangokwatira galimoto yakeyo."

Amayi anapempha tchuthi ku loji kumene amagwira ntchito, ndipo anatsogola pa basi Lachinayi ndi azakhali, atanyamula mpunga wa ku Lifuwu. Anati mafupa awo sangapindike m'chigoba cha nkhono. Achimwene anatsika mpaka kwathu ku Senga Bay kudzatenga nkhoswe, amalume a Nkhoma, amene amalima chimanga ku Chitala. Anati nkhoswe iyenera kukafika mwaulemu. Ine ndikudziwa kuti ankafuna kuti anzawo akale amuone Dona. Ntchito yanga inali imodzi: kufungatira dengu la tambala wofiira, amene kwathu kuchimuna timapereka pa chinkhoswe, kuti asakhudze mpando.

Lachisanu m'mawa achimwene anatiimika pakhomo n'kutipatsa malamulo ngati a hedi pa asembule. Osadyera mkati. Osalowa ndi mchenga. Osamenyetsa chitseko. Ine ndinadzipinda kumbuyo, maondo kukhosi, dengu pamiyendo. Amalume ndi munthu wathupi, ndipo atangokhala pampando galimoto inati fwaa, kutsika. Achimwene anatseka maso ngati apondedwa chala.

Atatembenuza kiyi, munamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapani. Achimwene akuti ndi kamakina kamene kanabwera ndi galimotoyo, ndipo sakufuna kukachotsa.

"Tadzuka bwino mayi, kaya inu," anayankha amalume atavula chipewa. "Tiyende bwino, musatiponye m'mlatho."

Kuyambira pamenepo, galimoto ikangolizidwa, amalume ankawapatsa moni amayiwo. Tsiku lisanathe anali atawafotokozera za mtengo wa feteleza ndi za nyamakazi yawo.

Hampu yoyamba tinaipeza tisanalowe pa boma la Salima. Achimwene anaima, n'kutsokomola.

"Amalume, mungatsike pang'ono?"

"Tafika kale?"

"Ayi, kuti galimoto ikwereko. Mlomo ungakhule."

Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kutuluka, mwendo kaye, mimba pambuyo. Inenso ndinatuluka ndi dengu langa. Dona anakwera hampu chammbali ngati nkhanu, tayala limodzi limodzi, uku a kabaza akutidutsa ataimba belu. Mmodzi, amene ananyamula matumba awiri a makala, anakuwa kuti, "Bwana, tikukokeni?" Ndinabisa nkhope kuseri kwa dengu. Ndinamva manyazi, koma ndinasekanso, ndipo tambala anagwedezeka nane.

Mahampu a pa msewu wa m'mbali mwa nyanja sindinkawadziwa kuti ndi ochuluka chonchi. Pa Khombedza tinatsika. Pa Benga tinatsika. Pofika ku Nkhotakota amalume anali atasiya kumanga lamba, atasiyanso kuvala nsapato ya kumanzere, imene inkawakola potuluka.

"Iwe Limbani," anatero, "ulendo uno ine ndikuyenda pansi, galimotoyi ikungondiperekeza."

Pamene panalibe mahampu panali maenje, ndipo pamene panalibe maenje achimwene ankaponda moto. Msana wanga unkamatirira kumpando, mitengo n'kusanduka mzere umodzi. Akasintha giya, kutsogolo kunkamveka psii! Nthawi iliyonse amalume ankagwira chitseko n'kukuwa kuti tayala laphulika. Achimwene ankawauza kuti ndi mpweya wa injini, ndipo anthu amachita kuwafuna mawu amenewo.

"Ndiye unaitanitsa galimoto ya mphumu kuchokera ku Japan konse?"

Pa rodibuloko ina wapolisi anazungulira galimoto yonse, n'kuwerama, n'kufunsa ngati matayala onse anayi aphwa. Atamva kuti ndi mmene ilili, anaitana mnzake kuti adzaone. Kenako anasuzumira kumbuyo n'kundifunsa ngati pasenjala wa m'denguyo ali ndi chiphaso. Ine munthu wachilendo akandilankhula lilime limalemera. Tambala ndiye anayankha m'malo mwanga, ndipo apolisi anatilola kupita.

Tisanafike ku Dwangwa panali mlatho umene akukonza, magalimoto akudzera kanjira ka fumbi m'mbali. Tinatsika monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno sizinathandize. Tinamva khwee! Achimwene anatuluka atagwira kumutu. Mlomo sunasweke, unangolendewera mbali imodzi. Anayendetsa ngati akuperekeza maliro mpaka pa malo omwetsera mafuta pa Dwangwa, pomwe tinapeza mzere wautali ngati wa chimanga cha boma.

Tinakhala pamenepo maola atatu. Dzuwa linali pamutu, mphepo ikununkha nzimbe zootcha. Amalume anagula nzimbe, anakhala pa mwala, n'kuyanika mpango wawo wa thukuta pa chiphiko cha kumbuyo kwa Dona. Anati tsopano adziwa ntchito yake. Ine ndinamwetsa tambala madzi m'chivindikiro cha botolo. Achimwene anatulutsa kasipanala kakang'ono, ka nambala teni, anayala katoni, n'kugona chagada pansi pa mlomo. Anthu anatizungulira. Ena ankafunsa ngati imauluka, ena ngati mumakwana thumba la chimanga.

Atangomaliza kumanga, mzere unayamba kuyenda, a kumbuyo n'kuyamba kuimba mahutala.

"Thoko, gwira ichi!" anatero achimwene, n'kundiponyera sipanala ija.

Manja anga anali ndi dengu, botolo ndi nsapato ya amalume. Ndinangoiponya m'dengu, pansi pa udzu wa tambala, kuti ndiwapatse tikakhazikika. Ndinaiwala. Izi ndikulumbira, buku langa, ndinaiwaladi.

Chimene chinandiiwalitsa chinachitika pafupi ndi Chintheche. Tambala anatopa ndi dengu, ndipo ndinamutulutsa pang'ono kuti aongole miyendo, achimwene ali kalikiliki kuzemba maenje. Anachita zake pa kapeti, pansi pa mpando wa amalume. Ndinapondapo ndi nsapato n'kukhala chete. Patapita kanthawi achimwene anayamba kununkhiza.

"Chikununkha n'chiyani?"

"Ndi nyanja," anatero amalume osatembenuka. Anandiyang'ana pa kagalasi ka pambali, diso limodzi atatsinzina.

Phiri la ku Nkhata Bay Dona analikwera ngati akuthawa ngozi, ndipo pamenepo ndinamvetsa pang'ono chimene achimwene amamukondera. Ku Mzuzu tinalowa dzuwa likulowa, kukuzizira moti mano ankagundana. Tinagona kwa msuweni wa amayi. Achimwene anamufunditsa Dona bulangete limene anawapatsa kuti afunde iwo.

Loweruka tinanyamuka kukucha, amalume ali mu suti yawo yotuwa, ine mu siketi ya ku tchalitchi. Ekwendeni, kutsika. Enukweni, kutsika. Bwengu, kutsika. Amalume anasiya kudandaula, ankangoyang'ana wotchi. Itangokwana eyiti tinafika pa mphambano, pamene msewu wa ku mgodi umasiyana ndi tala. Ndi msewu wa miyala ndi mikwasa yakuya ya malole, wokwera phiri. Pa mphambanopo panali kagolosale, amayi awiri ogulitsa nthochi ndi bambo wokonza njinga. Netiweki kunalibe.

"Mphindi zisanu zokha," anatero achimwene mosangalala. "Ndimasule mlomo, tiukulunge, tikwere. Naini ikwana tili kumeneko."

Anatsegula kabokosi ka zipangizo. Anakatseka. Anakatsegulanso. Kenako anayamba kutulutsa zonse za mu buti n'kuziyala pa msewu: jeke, nsanza, mankhwala opukutira, chikwama cha amalume. Wokonza njinga anabweretsa masipanala ake, koma onse anali aakulu. Anati ali ndi pulayala.

"Pulayala? Pa mabauti a Dona? Mukufuna muwatafune?"

"Mphwanga," anatero amalume, "ingoyendetsa. Chipulasitikicho chikasweka chasweka."

"Amalume, simukudziwa. Chimenechi kuno sichipezeka. Ndinachidikira miyezi inayi."

"Mwana wa eni wakudikira miyezi ingati?"

Achimwene analowa pansi pa mipando n'kumapapasa. Hafu pasiti eyiti inakwana.

Ine ndinali nditakhala pa mwala. Ndinapisa dzanja m'dengu kuti ndimupatse tambala chimanga, ndipo zala zanga zinakhudza chinthu chozizira. Ndinachikoka pang'ono, mutu wake n'kuonekera mu udzu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiitane achimwene, koma nsapato yaikulu inatsika pa phazi langa, osati mopweteka, koma molemera.

"Tambala akuzizidwa, mphwanga," anatero amalume motsitsa mawu, maso ali kuphiri. "Tseka dengulo."

Ndinatseka. Sindikudziwa ngati ndinatseka chifukwa choopa amalume kapena chifukwa nanenso ndinkafuna kuona. Mwina zonse ziwiri.

Posakhalitsa panatulukira lole yopanda katundu, yopita kukatenga malasha. Amalume anaiimika. Dalaivala anati kutsogolo kwadzaza, koma kumbuyo malo alipo ngati sitikuopa kuda.

"Limbani, ife tapita. Nkhoswe ikafika, tambala akafika. Iwe tsala ndi mkazi wako wamkuluyu."

Achimwene anaimirira pakati pa katundu wawo, nkhope itagwa. Anandimvetsa chisoni. Ndinafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi ichi chokha: "Achimwene, alamu akandifunsa ndikawauze chiyani?" Lole inanyamuka asanayankhe.

Kumbuyo kwa lole ya malasha si malo a suti. Dzenje lililonse linkadzutsa fumbi lakuda, n'kutikutira. Amalume anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, lina atandigwira ine. Ndinayamba kulira, misozi n'kulemba mizere pamasaya.

"Amalume, nanga akapanda kubwera?"

"Ndiye kuti tamupulumutsa mwana wa eni. Mkazi si chinthu chokulunga m'bulangete n'kumachitulutsa Lamulungu. Asankhe lero, tonse tikuona."

Tinafika itatsala kota kuti ikwane teni. Pabwalo panali tenti, mipando, anthu atavala bwino. Amayi atationa anagwira pakamwa. Suti yotuwa inali yakuda, ine maso okha ndiwo ankaoneka. Mayi wina wa kuchikazi anasuzumira m'dengu n'kufunsa ngati kwathu ku Salima timapereka khwangwala. Anthu anaseka, koma a Mbewe sanaseke. Ndi bambo wamfupi, wowonda, wa wotchi yaikulu.

"Nkhoswe tayiona, tambala tamuona. Mwini wake ali kuti?"

Amalume anafotokoza zoona zake, osawonjezera. Anzawo anayi a achimwene, amene anakhala pamodzi atavala zipewa zofanana, anadzuka onse nthawi imodzi, aliyense akupisa m'thumba. Zoona, anthu amenewa amayenda ndi sipanala ya teni ngakhale mu suti.

"Khalani pansi," anatero a Mbewe. "Wotuluka pabwalo pano asabwerenso."

Anakhala.

Amayi ananditumiza m'nyumba kuti ndikasambe kumaso. Podutsa pa khomo la chipinda ndinaona atsikana atatu atafunditsidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, monga achitira pa chinkhoswe kuti a kuchimuna aloze wawo. Awiri ankaseka chamumtima, zitenje zikugwedezeka. Wachitatu anali zii, koma zala zake zinatulukira pansi pa chitenje, zikupotokola mphonje mpaka ulusi kuduka. Sipanala inali italowa kale m'thumba la juzi yanga, ndipo inalemera ngati mwala wa mphero. Ndikanangokuwa pa mphambano paja, alamu angawa sakanakhala akuvutika chonchi. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri: Ambuye, achimwene akhale ndi nzeru lero lokha.

Teni inakwana. A Mbewe anayang'ana wotchi, anayang'ana amayi anga amene anali atawerama, kenako anaitanitsa chikho cha thobwa.

"Ndikamaliza ichi, tibalalika."

Sindinaonepo munthu akumwa thobwa pang'onopang'ono chonchija. Ankapsontha, kuika pansi, kupukuta ndevu, kutafuna kanjere. Maso onse pabwalo anali pa chikho. Chitatsala pang'ono kuonekera pansi, mmodzi wa anzawo a achimwene anatukula mutu ngati galu wamva mluzu.

Kutali kunamveka kubangula. Kenako psii! Kenako khwee, khwee, gudu!

"Mayo," anatero mnzawoyo. "Sanamasule."

Dona anatulukira pa kona ali mbuu ndi fumbi, akudumpha mikwasa, mlomo ukukokeka pansi ngati chitenje chomasuka. Pakhomo penipeni pali kangalande kamadzi a ku bafa. Achimwene sanakwere chammbali, sanatsitse munthu, anangolowamo. Phwaa! Mlomo unathyoka pakati, theka n'kutsala m'ngalandemo. Anzawo anayi aja anavula zipewa n'kuziika pamtima.

Achimwene anatuluka thukuta lili chuchuchu. Ndinawayang'anitsitsa kuti ndione ngati acheukira kutsogolo kwa galimoto. Khosi linafuna, ndinaliona, koma sanacheuke. Anayenda molunjika mpaka pamaso pa a Mbewe n'kugwada.

A Mbewe anadzuka, anapita ku ngalande, anatola chidutswa chija n'kuchitembenuza uku ndi uku. Anafunsa anyamata aja ngati chimapezeka ku Mzuzu. Anati ayi. Ku Lilongwe? Anapukusa mitu. A Mbewe anabwerera, n'kumwa thobwa lotsala lija kamodzi.

"Wotchi yangayi imathamanga," anatero. "Tiyeni tiyambe."

Nthungululu zake! Zina zonse zinayenda monga ziyendera. Amalume, ali bii ngati mphika, analoza chitenje cha mphonje zoduka osaphonya. Tambala wanga anapita, ife tinalandira thadzi. Ndinamva chisoni pang'ono pomupereka, tinali titazolowerana.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinawapeza achimwene atakhala pansi kutsogolo kwa Dona, akuyesa kulumikiza zidutswa ziwiri ndi waya. Ndinawapatsa madzi akumwa.

"Thoko, sipanala ija ndikanangoipeza," anatero. Kenako anayang'ana kukhonde, kumene a Tiyamike ankaseka ndi amayi, ndipo anaika wayayo pansi. "Kaya. Mwina bola."

Dzanja langa linali m'thumba, litafumbata kachitsulo kaja. Sindinalitulutse.

Amalume akuti ndikaponye m'chimbudzi n'kuiwala. Koma si kanga, ndipo sindinazolowere kusunga chinthu cha munthu mobisa. Kuwabwezera achimwene ndikuopa, komanso sindikuona ngati ndi iwo oyenera kukasunga. Za pa kapeti zija sindinena, adzazipeza okha dzuwa likadzatentha bwino.

Mawa tibwerera ku Salima pa basi, ngakhale amalume akuti awasowa amayi a Chijapani aja. Tisananyamuke ndidzuka m'mamawa, ndikawapeze a Tiyamike kumoto ali okha. Ndikawauza zonse, ngakhale lilime lilemere bwanji, ndipo ndikawapepesa chifukwa cha mphonje zija. Kenako ndikaika sipanala ya nambala teni m'dzanja mwawo. Kuyambira mawa, achimwene akafuna kutsika ndi Dona Lamulungu, aziyamba apempha kwa alamu.